Mabawuti a chishalo changa anapita kuti?

Sabata ino ndakwiya, ndipo sindibisa.

Lachitatu m'mawa ndinanyamula mkazi wanga, amake Dalitso, panjinga yamoto monga mwa masiku onse. Timakhala ku Ndeke kuno ku Kitwe, iwo amasoka zovala kumsika wa Chisokone, ndiye ndimawasiya kumsikako ndisanapite kuntchito kwanga. Ndi oyembekezera, ndipo mimba yakula ndithu, choncho masiku ano ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira.

Titafika pahampu ina, chishalo chinangoti sendee kubwerera m'mbuyo. Mayiwa anandigwira kolala mpaka kunditsamwitsa, mwendo wawo n'kukagunda ekizozi yotentha. Ndinaima. Anatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, dzanja lina pamimba, lina pamwendo.

Nditasuzumira pansi pa chishalo ndinapeza mabawuti awiri akumbuyo palibe. Pabowo limodzi panali kawaya kopotokola, kothothoka kale. Bowo linalo linali pululu.

Ndinadziwa pomwepo kumene anapita. Lolemba njingayi inali kwa makaniko wina wa kwathu komweko, amene sindimutchula dzina, kuti akonze mawaya a batire. Batire imakhala pansi pa chishalo, ndiye kuti uifike uyenera kumasula chishalocho. Anamasula mabawuti anayi, anabwezera awiri.

Kuchipatala anatsuka bala, anapima mimba, anati mwana ali bwino. Nditawasiya mayiwa kunyumba ndinapita kwa makaniko uja.

“Mabawuti anga ali kuti?”

Iye osadzidzimuka n'komwe. Anapukuta manja pa ovolosi n'kundiyankha m'Chibemba chosakaniza ndi Chinyanja, monga timachitira kuno. “Ba mudala, awiri aja amagwira bwinobwino. Enawo azungu amangoikira kukongoletsa.”

Kukongoletsa. Ndinamuuza kuti mkazi wanga wapsa mwendo, akanatha kugwa chagada pamsewu ali ndi pakati. Anapepesa ndithu, koma kupepesa kwake kwa munthu amene wakuponda chala m'minibasi. Kenako anakoka chitini chachikulu cha penti chodzaza mabawuti n'kuyamba kuvundula kuti andipezere anga.

Chitini chimenecho mumachidziwa, owerenga. Makaniko aliyense ali nacho. Munadzifunsapo kuti chimadzaza bwanji, pamene simunamuonepo mwini wake akugula bawuti ngakhale imodzi? Chimadzaza ndi ife. Njinga iliyonse yolowa pamenepo imatuluka yopepukirapo. Mawa wina akabwera kuti bawuti yake yagwa, amamugulitsa yanu.

Anga sanapezeke. Mwina ali kale panjinga ya munthu wina. Anatola bawuti ina yofanana nawo n'kuyamba kuilowetsa. Itazungulira kawiri inakana. Iye anatenga sipanala yaitali kuti aikakamize, ine n'kumugwira dzanja. Mazinga ake, timizere tija tozungulira bawuti, anali otalikirana, pamene a njinga yanga ndi othithikana. Ukakakamiza bawuti yotere imalowa inde, koma imadya mazinga a m'bowo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ngakhale bawuti yeniyeni sigwiranso.

“Ikwana, ba mudala, musaope,” anatero.

Mawu amenewo ndinawamva tsiku lonse la Lachinayi. Ndinamasula bawuti imodzi mwa awiri otsala aja, ndinaiika m'thumba kuti ikhale chitsanzo, n'kupita ku Chisokone kumene amayala zitsulo pamasaka. Woyamba anaiyang'ana patali n'kunditolera ina yaitali ngati chala. Ikwana. Wachiwiri anandipatsa yaifupi yadzimbiri, yochotsa pabedi kapena pawilibala, kaya. Ikwana. Wina anandilangiza kuti ndingowotcherera chishalocho ku njinga, nkhani ithe. Ndinamufunsa kuti nanga batire ikadzafa ndidzaifika bwanji. Anaseka, nati zimenezo tidzaziona ikadzafa.

Kusitolo yogulitsa zipangizo zatsopano anandiuza kuti mabawuti okhaokha sagulitsa, ndigule chishalo chonse, amabwera m'kati mwake. Kapena ndikayese ku Ndola. Tangoganizani, kukwera basi mpaka ku Ndola chifukwa cha tizitsulo tiwiri tosaposa chala chaching'ono.

Pomaliza ndinagwada ndekha pamulu wa zitsulo, dzuwa likuswa mtengo, n'kumayesa imodziimodzi ndi nati yogwirizana ndi chitsanzo changa. Ndinawapeza awiri, manja ali bii. Analipo nthawi yonseyi. Chimene chinalibe ndi munthu wofuna kuyang'ana.

Ndipo apa ndi pamene pali mkwiyo wanga. Si umphawi umenewu. Tisanamizire umphawi chilichonse. Makaniko uja sanasowe mabawuti, anali nawo m'manja mwake, anayi, oyenera. Anasankha kubwezera awiri. Kitwe ndi tauni ya migodi, yodzaza anthu odziwa zitsulo. Atate anga anagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo ankanena kuti kumeneko ukasiya nati imodzi yosamanga, anzako omwe amakukana, chifukwa mwala ukagwa susankha. Nanga chatichitikira n'chiyani kumtunda kuno?

Yang'anani minibasi imene mwakwera lero. Chitseko chamangidwa ndi chingwe, kondakitala wachigwirizira ndi phewa. Suzumirani matayala, muwerenge manati. Mpando umene mwakhalapo ukugwedera ngati dzino la mwana. Tonse timaona, tonse timakwera, ndipo wina akadandaula timamuseka kuti akudziyesa wa ku Nkana East kwa anthu olemera, akagule yake galimoto. Makaniko womanga ndi waya timamutama kuti ndi wanzeru, satha nzeru. Amene wakuuza kuti dikira ndikapeze bawuti yoyenera timati ndi wochedwa, sitibwererako.

Madzulo a Lachinayi lomwelo kunabwera amayi a kutchalitchi kudzaona amake Dalitso. Anthu abwino, anabwera ndi malalanje. Anapemphera mwamphamvu, kudzudzula mzimu wa ngozi umene unafuna kulanda mwana wathu. Ndinati amen nawo, chifukwa ndikuthokozadi Mulungu. Koma mumtima ndinkati, amayi inu, Satana sanagwire sipanala Lolemba. Amene anagwira ndikumudziwa, ali ndi dzina, ndipo mawa atsegulanso.

Chishalo tsopano chamangidwa, mabawuti onse anayi, ndamanga ndekha. Koma amake Dalitso akana kukweranso. “Atate ake Dalitso,” anandiuza akusintha nsalu ya pabala, “mwamanga amene mwawaona. Nanga ena amene anamasula inu osaona?” Makaniko yemweyo anandikonzerapo mabuleki mwezi watha.

Ndiye ndikufunseni inu amakaniko a ku Ndeke, a ku Chisokone, a ku Ndola, nonse okhala ndi chitini pansi pa benchi. Mayi uja akanagwa chagada Lachitatu, ndikudziwa mukanabwera kumaliro, poti ndinu anansi abwino. Mukanathandiza kukumba manda, mukanandigwira dzanja. Ndipo pondipepesa mukanati chiyani, kuti ndi chifuniro cha Mulungu?