Mwana Amene Ankanyonyomala Panjira ya ku Masasa

Tina anakomoka pakhomo la tchalitchi ku Masasa, milomo ndi lilime zitada bii. Mayi ake, a Rhoda, anali atangomukoka dzanja.

"Imirira iwe! Mwana wamkazi sanyonyomala pagulu!"

Chiyambire kuyenda, Tina akakwera kamtunda pang'ono ankanyonyomala pansi, wefuwefu. Aneba ankati ndi ulesi. A Rhoda, mayi wamasiye wogulitsa nthochi, ankamudzutsa pofuna kumuphunzitsa ulemu.

Kuchipatala, Dokotala Fyson atamuunika mtima anajambula chithunzi ndi zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu.

"Mama, mwanayu anabadwa ndi bowo pakati pa mtima, ndipo njira yopita ku mapapo ndi yopapatiza. Magazi ambiri akulambalala mapapo osatenga mpweya. Akanyonyomala, magazi amakankhidwira ku mapapo. N'chimene chamusunga mpaka lero."

A Rhoda anagwira pakamwa.

"Chiuta wane! Ine ndimamudzutsa!"

"Simunkadziwa. Koma akufunika opaleshoni, kunja kwa dziko. Adzaimitsa mtima wake, makina n'kumayendetsa magazi. Kenako adzatseka bowolo ndi chigamba, n'kukulitsa njira ija."

"Kuimitsa mtima? Adokotala, munthu woima mtima si maliro?"

Abale anakana, ati mwana aferetu kwawo. A Rhoda analira, anapemphera, kenako anavomera. Anati Iye amene anaumba mtimawo m'mimba ndiye anapatsanso madokotala nzeru.

Ulendo unachedwa kwambiri. Nyumba zatsopano zinkamera m'dera la Geisha, anzake a Tina ankakula, dzina lake osatuluka pa mndandanda wa odwala opita kunja. M'mawa uliwonse a Rhoda ankabereka mtsikana wamkuluyo kupita naye kusukulu. Akatsika n'kunyonyomala panjira, iwonso ankanyonyomala pambali pake, anthu akuyang'ana.

Tsiku linafika. Mtima unaimitsidwa, unasokedwa, ndipo unagundanso. A Rhoda ataona milomo ya mwana wawo itasiya kuda, anagwada pansi.

"Yewo, Ambuye," ndi zokhazo zimene ananena.

Lero Tina akuphunzira unamwino pa yunivesite ya mumzinda momwemu. Mtunda wa Masasa amaukwera akuyimba, mayi ake akumukuwira m'mbuyo kuti awadikire.

Wokondedwa, mwina nawe wanyonyomala panjira ndipo anthu akuti ndiwe waulesi. Mulungu akudziwa kuti ukufunafuna mpweya. Puma, pemphera, pita kuchipatala. Usataye mtima, pakuti ngakhale woima uja unagundanso.