Kukasiya Chifunga ku Namitete

Tidanyamuka pakhomo pathu, kuseri kwa Kabudula, Loweruka lina m'mwezi wa Malichi, sikisi koloko itangodutsa. Tidali awiri, ine ndi mkazi wanga aNankhoma, pa njinga yamoto imene ndakhala nayo zaka zoposa makumi awiri. Ndidaigula ndikali mlangizi wa ziweto, ndipo anthu akwathu adaipatsa dzina loti Chifunga chifukwa cha utsi umene imasiya ikadutsa. Ndi njinga zakale zija za ku Japan, zomwa petulo wosakaniza ndi oyilo, zopanda batani lolizira. Kuti ilire umachita kuiponda.

Mwana wathu Tadala, yemwe ndi namwino ku Ntchisi, adatumiza ndalama zoti tikagule njinga yatsopano ku Namitete kwa a Zulu, bambo wogulitsa njinga amene adalola kutenga Chifunga n'kutitsitsirako mtengo. Ine ndidavomera pakamwa pokha. Mumtima ndidali nditakonza zanga: ndikafika ndikaiyang'ana yatsopanoyo, ndikaipezera zifukwa, kenako ndikagula matayala awiri ndi tcheni, tibwerere pa Chifunga yomweyo. Ulendowu ndidautenga ngati mayeso oti njinga yanga ikhoze anthu akuona. Chodabwitsa n'choti aNankhoma, amene amadana ndi utsi wake poti umanunkhitsa chitenje, adaumirira kuti akwera nane.

Njinga imeneyi ili ndi mwambo wake. Umatsegula mafuta, kuipendeketsa pang'ono kumanzere, kuponda kawiri mofatsa usanatembenuze kiyi, kenako n'kuponda ndi mtima wonse. M'mawa umenewo idalira nditaponda kasanu ndi kawiri. ANankhoma adangoima poteropo ndi chikwama chawo.

Pa Nsaru tidafika cha m'ma hafu pasiti seveni. Ndidagula petulo malita atatu kwa mayi wina wogulitsa m'mabotolo, lita imodzi K1,000, ndipo ndidathirako oyilo wanga amene ndimayenda naye m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Akabaza a pamenepo amandidziwa, amanditchula kuti adokotala a ng'ombe. Wina mwa iwo adafunsa mwaulemu ndithu ngati ndamangirira balani ya fodya kumbuyo, poti utsi wotere amauona nthawi yowotcha fodya basi. Anzake adaseka. Ndidamuyankha kuti njinga yake yonyezimirayo ikadzakwanitsa zaka zisanu adzandipeze tidzakambirane. Tidamwa tiyi wa K150 ndi sikono imodziimodzi m'kanyumba ka tiyi kuseri kwa msika, n'kupitiriza.

Kuchoka pa Nsaru tidasiya msewu waukulu n'kulowa wadothi wodutsa m'midzi, wokatulukira pa Msundwe. Ndinkaudziwa kuyambira masiku a dibi, pamene ndinkazungulira kukasambitsa ng'ombe. Mvula idali itagwa Lachinayi. Chimanga chidali chitatalika mbali zonse ziwiri moti pena tinkayenda ngati m'ngalande, ndipo m'zigafa fodya adali atayamba kufiira. Amayi opita kumunda ankatipatukira, ena atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje.

Cha m'ma naini koloko tidafika pa dambo lina pamene madzi adadya msewu. Pakati pa matope padali bambo wina ndi njinga yatsopano yofiira, tayala lakumbuyo likungozungulira pamodzimodzi, mbuzi yomangidwa pakaliyala ikulira ngati yaona kale mpeni. Mtima wanga udadumpha ndi chimwemwe chosayenera mkulu wa mpingo. Ndidauza aNankhoma kuti agwiritse, ndidaika giya yoyamba, ndipo Chifunga idadutsa m'matopemo ikung'ung'udza mpaka kutsidya osatsetsereka ngakhale kamodzi. Ndidatembenuka kuti ndione nkhope ya mkazi wanga. Iwo ankapukuta matope pa nsapato.

Ndidazimitsa injini n'kubwerera kukathandiza munthu uja. Tidaikankha njinga yake mpaka pouma. Adati akupita nayo mbuziyo ku msika wa pa Msundwe, ndipo ine, chizolowezi sichitha, ndidaitsegula chikope n'kumuuza kuti zotsala kunyumbazo akazimwetse mankhwala a njoka zam'mimba. Adathokoza, adadina kabatani ndi chala chachikulu, njinga yake n'kulira pomwepo.

Yanga idakana. Ndidachita mwambo wonse, kawiri. Ndidamasula pulagi, kuipala ndi kawaya, kuiuzira, kuibwezera. Ndidaponda mpaka bondo langa lamanja lidayamba kutentha ngati mwalowa khala. Bambo wa mbuzi uja sadachoke, adangoima njinga yake ikulira chapansipansi, ndipo kudikira kwakeko kudandiwawa kuposa bondo. Mapeto ake iye ndi aNankhoma adandikankha pa kamtsetse, Chifunga n'kutsokomola, n'kulira. Padatha mphindi makumi anayi. Ndidafotokozera mkazi wanga kuti vuto lidali madzi amene adalowa ku pulagi, zomwe zingachitikire njinga ina iliyonse. Adangoti, "Eti."

Pa Msundwe tidatulukira leveni koloko itakwana. Tidadya tchipisi cha pachiwaya cha K500 aliyense ndi kabichi wake, ndipo ndidapita ndi njinga kwa makaniko wina wachikulire amene amakonzera pansi pa mtengo wa mango, kuti andikokere tcheni. Adaizungulira kawiri, adaisisita thanki, nati njinga zotere sakupanganso, ndipo injini imeneyi idzandiika m'manda ikali yamoyo. Ndidayang'ana aNankhoma kuti amve umboniwo. Koma mkuluyo sadalekere pomwepo. Adawonjeza kuti zipangizo zake masiku ano umachita kukafukula m'mabwinja a njinga zakufa ku tauni, ndipo ukapeza pisitoni uzikapereka chopereka chothokoza kutchalitchi. Mawu omalizawo ndidachita ngati sindidawamve. Adandilipiritsa K300.

Kuchoka apo ndi phula lokhalokha, msewu wa ku Mchinji. Chifunga simakonda phula. Ikafika liwiro lina imanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi, choncho tidayenda cham'mbali, maminibasi ndi mathiraki akutipitirira. Hafu pasiti thwelofu tidaima pakhomo pa sitolo ya a Zulu ku Namitete.

Njinga zidali zinayi pakhonde, mipando ikali m'mapepala apulasitiki. A Zulu adatulutsa yakuda. Ndidayamba ntchito imene ndidabwerera. Ndidagogoda m'mbali mwake n'kunena kuti ndi pulasitiki yokhayokha. Ndidati masipoko ndi owonda, kaliyala sanganyamule bokosi langa la mankhwala, ndipo batire likadzafa kumudzi batanilo lidzasanduka chokongoletsa. A Zulu ankayankha modekha, nandionetsa kuti chopondera chilipo ngati batire lafooka. Ndidali nditatsala pang'ono kufunsa mtengo wa matayala pamene aNankhoma adaika chikwama pansi.

Adapempha a Zulu kuti awaonetse molizira. Atawaonetsa, aNankhoma adatembenuza kiyi, adadina batani, njinga n'kulira. Adazimitsa, adalizanso. Kenako adapita pa Chifunga n'kundiuza kuti ndiwapatse kiyi. Anthu awiri atatu amene adali pakhondepo adasiya zokamba zawo. Mkazi wanga, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, wa chigwirizano cha amayi, adakwinya chitenje n'kuyamba kuponda njinga pamsika. Adaponda kanayi. Kachisanu chopondera chidabwerera n'kuwamenya pamsongolo. Sadalire. Adakhala pa benchi, nakweza chitenje pang'ono, ndipo pambali pa pomwe padayamba kutupapo ndidaona chipsera chakuda chimene ndinkaganiza kuti chidabwera ndi khasu.

"Bambo a Tadala," adatero motsitsa mawu, "tsiku lija mudagwa kukhola chaka chatha, mukudziwa kuti kuchipatala mudapita bwanji?"

Ndidati ndikudziwa, adanditengera pa ngolo.

"Mukudziwa chifukwa chake? Ndidathamangira njinga yanuyi kuti a Chisale oyandikana nafe aja akatenge galimoto pa Kabudula. Adaponda, idakana. Adabwera aphunzitsi, idakana. Ndidaponda ine mpaka idanditema apa. Amuna awiri odziwa njinga adailephera, inu muli gone pansi, kukamwa kutapotoka. Pa ngolo tidayenda maola awiri, mutu wanu uli pamiyendo panga."

Za tsiku limenelo ine ndimangokumbukira kudzuka pa bedi la kuchipatala n'kuuzidwa kuti magazi adathamanga kwambiri. Palibe adandiuzapo za njinga. ANankhoma adati adawapempha onse kuti asandiuze, poopa kuti ndingadwalenso ndi manyazi. Adaululanso kuti amene adaimbira foni Tadala za njinga yatsopano ndi iwo.

"Sindikuti Chifunga ndi yoipa," adatero. "Yatilerera ana. Koma imamvera munthu mmodzi, ndipo munthu wakeyo ndi amene amadwala. Ndikufuna njinga yoti ine ndilize."

Ndidayang'ana thanki ya Chifunga imene utoto udasupuka pamene mawondo anga amagunda. Zifukwa zonse zimene ndidasonkhanitsa m'njira zidali zoona ndithu, koma padalibe n'chimodzi chomwe choyankha zimene adanenazo. Ndidauza a Zulu kuti achotse mapulasitiki pa mpando wa yakudayo.

Kulemberana mapepala sikudatenge nthawi. Chimene chidachedwetsa ndi ine, poti ndidakana kuchoka ndisanawaphunzitse a Zulu kalizidwe ka Chifunga. Ndidawaonetsa kapendeketsedwe, muyeso wa oyilo, ndi malo amene waya wa hutala umakonda kuthothoka. Ndidawasiyira kabotolo kanga ka oyilo ndi sipanala ya pulagi. Adalonjeza kuti sadzaigulitsa kwa ophwasula. Pochoka sindidacheuke, koma ndisaname, ndidaiona pa galasi mpaka tidakhota.

Tidanyamuka thuu koloko. Njinga yatsopanoyo ndi yachete moti kwa nthawi yoyamba pa ulendo tinkatha kuyankhulana osakuwa. Pa dambo lija idavina ndithu, ndipo tidachita kutsika n'kuiyendetsa pamanja.

Cha m'ma faifi, titatsala pang'ono kufika, aNankhoma adandigwira paphewa pa bwalo la mpira la sukulu ya kwathu nati ndiime. Adati kuliza kokha sikufikitsa munthu kuchipatala, phunziro liyambe lero. Ndidawaonetsa kilatchi, giya ndi buleki. Njinga idazima katatu. Kachinayi idanyamuka modumpha, ndipo adazungulira bwalo lonse pa giya yoyamba, msana uli chilili, nkhope ngati akuimba nyimbo ya maliro. Adazunguliranso kawiri, n'kudzaima pafupi ndi ine osagwa.

"Kwerani," adatero.

Kuchoka pasukulupo kufika kunyumba ndi mtunda woti munthu woyenda pansi satuluka thukuta, njira yake yosalala. Ndidakhala kumbuyo, mapazi akukhwekhwereza pansi mbali zonse ziwiri. Tinkayenda pang'onopang'ono moti nkhuku sizinkavutika n'kuthawa. Amayi a pachitsime adatula zidebe n'kuyamba nthungululu.

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti kulimba mtima pa njinga ndi kwa wogwira mahandulo. Pa kamtunda kameneko ndidazindikira kuti wokhala kumbuyo ndiye amafunika mtima waukulu, chifukwa dzenje amaliona likubwera koma buleki alibe. Mkazi wanga adakhala pamalo amenewo zaka makumi awiri osadandaula. Ine ndidakhalapo mphindi zisanu, ndipo titaima pakhomo adachita kundiuza kuti ndisiye kuwafinya m'nthiti.