Tsiku Limene Ndinayang'ana Apongozi Kumaso

Foni ya akulu anga aakazi a ku Kabwe inandipeza ndili pa makina, ndikupinda siketi ya mwana wasukulu. Anati, "Iwe, malo apezeka! Telala wa pa shopu imene ndimagwira wachoka, ndipo eni ake akufuna munthu wodziwa kusoka mayunifomu. Lolemba ukhale utafika ku Kabwe." Ndinakuwa mpaka nkhuku za amai zinabalalika pakhomo. Siketi ija ndinaisoka mokhota, ndinachita kuisula yonse, koma ndinkaisula ndikuimba.

Nthawi imeneyo ukwati wanga unali utatha miyezi itatu yapitayo. Bambo wa mwana wanga adapeza mkazi wina ku buliji ya Luangwa kumene ankagula nsomba zouma, ndipo kukhoti nkhani sinatalike. Anagamula kuti mwana akhale ndi ine, koma ndikafuna kupita naye kutali, akuchimuna adziwe ndi kuvomera. Ndinabwerera kwa amai anga pafupi ndi Mpanshya ndi makina anga, mapoto, ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu. Pachitsime, kutchalitchi, kuchigayo, aliyense ankandiyang'ana ndi maso achisoni ngati ndaferedwa. Zinandikwana, mwandi. Ndinkafuna kumalo kumene munthu akandiona aziti "telala uja," osati "wosiyidwa uja."

Sabata imeneyo sindinkaponda pansi. Ku Kabwe ndinali ndisanafikeko, ngakhale Lusaka ndidangoiona kawiri, koma mwana akandifunsa ndinkayankha ngati ndinabadwira komweko. Kuli sitima? Ilipo, yaitali kuchoka pano mpaka kumishoni. Madzi? Pampopi, pakhomo penipeni. Ndinamusokera diresi la ulendo ndi nsalu zotsala, kutsogolo maluwa, kumbuyo mizere, iye n'kumalivala madzulo aliwonse kuti aone ngati likumukwanabe. Katundu ndinamanga Lachitatu, Lachinayi ndinamasula kufuna sizasi, n'kumanganso.

Lachisanu ndinapita kusukulu kukatenga kalata yosamutsira mwana. Aphunzitsi anandilandira bwino, nandikumbutsa kuti kumene ndikupitako adzafuna khadi la kusikelo ndi pepala la kubadwa. Apa m'pamene mtima unati phwii. Mapepala onse a adzukulu ankasunga ndi apongozi anga aamuna, m'kachitini kawo. Ndinaimbira bambo wa mwana. Iye anangoti, "Ine ndilibe nazo kanthu. Funsa atate, ndiwo anapereka ng'ombe." Nadula foni.

Kwathu mwana ndi wa kwa amake. Koma banja la mwamuna wanga lidachokera kum'mawa, ndi Angoni, ndipo kwa iwo ng'ombe zikaperekedwa mwana ndi wa kwa atate ake. Mdalayo akanati ayi, ndikanasankha chimodzi: kusiya ntchito kapena kusiya mwana. Mwana sindikanamusiya, choncho Kabwe akanathera pomwepo.

Vuto lina linali lakuti zaka zisanu ndi zinayi za ukwati wanga sindinalankhulepo ndi apongozi angawo, ngakhale liwu limodzi. Ndiwo mwambo. Tikakumana m'njira ndinkapatukira m'udzu n'kugwada mpaka adutse. Chakudya chawo ndinkatumiza mwana. Akafuna kundiuza kanthu ankauza apongozi aakazi, ndipo aakaziwo atamwalira ankauza mdzukulu wawo. Ndinkadziwa msana wawo, chipewa chawo, ndi nsapato zawo za tayala. Nkhope yawo ndinkangoiona chapatali, mwakuba.

Amai anati ndidikire amalume, nkhoswe yanga, amene anali ku Shikabeta kumaliro. "Abwera Lachitatu, akakulankhulira bwinobwino."

"Lachitatu malo atatenga wina? Amai, ukwati unatha, upongozi unatheranso pomwepo. Manje ndi mdala wamba basi, ndikalankhula nawo ndekha."

Amai anagwira pakamwa. "Iwe mwana, mtima wapachalawu udzakupweteka."

Sindinamve. Ine ndikatsimikiza kanthu, makutu amatseka okha. Loweruka m'mawa ndinapinda pepala la kukhoti, ndinaliika m'chitenge, n'kugwira mwana padzanja. M'njira monse ndinkabwereza mawu amene ndikanene, ndipo ndinkadzimva ngati munthu wa m'tauni kale.

Apongoziwo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita kumishoni. Tinawapeza atakhala pa kampando, njinga itagadama patsogolo pawo, tchubu m'manja, beseni la madzi pakati pa miyendo. Amuna awiri ankadikira njinga zawo. Ine sindinapatuke, sindinagwade. Ndinapita n'kuima njo pamaso pawo, n'kuwayang'ana kumaso. Mayo! Anali ndi chipsera pamwamba pa diso, ndevu zaimvi, ndipo makutu awo anali a mwana wanga enieni, otambalala aja. Ndinatsala pang'ono kuiwala zimene ndinabwerera.

"Atate, mwauka bwanji? Ndapeza ntchito ku Kabwe. Ndinyamuka Lolemba ndi mwana. Ndabwera kudzatenga mapepala ake, ndi kuti mutilole."

Zii. Anaweramitsa mutu, namiza tchubu m'madzi. Kenako ananyamula kampando kawo pang'onopang'ono, nakatembenuza, nandipatsa msana.

Ndinabwereza, mokweza. Ndinatulutsa pepala lija n'kumaligwedeza kumbuyo kwa chipewa chawo, ati khoti linanena, khoti linagamula. Amuna awiri aja anayang'anana. Mmodzi anatsokomola, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita, wachiwiri anamutsatira akukankha njinga yopanda mpweya. Mdala osayankha, akungotembenuza tchubu m'beseni, tithovu tikutuluka.

Chimwemwe chonse cha sabata ija chinandithera. Ndinadziwa kuti akana. Ndinaona makina anga akubwerera pakhonde la amai, ndinaona maso achisoni aja pachitsime. Ukali unandikwera, misozi n'kumatsika yokha. "Ngati mukufuna kundilanda mwana, nenani! Mwana wanu anandisiya masana dzuwa likuswa mtengo, inu simunanene kanthu. Lero mukuti ndikalambire pano?"

Mwana anali atandigwira chitenge, atabisala kumbuyo kwanga. Apa ndipo mdala analankhula, koma osati kwa ine.

"Iwe, bwera kuno kwa agogo." Mwana anapita. "Uwauze amai ako akhale pansi, aima nthawi yaitali. Kuseri kwa mtengoku kuli mthunzi wabwino."

Ndinamva ndekha, poti anali pafupi ngati apa ndi apo. Koma mwana anayenda masitepe ake atatu, naima pamaso panga, nati, "Amai, agogo ati mukhale pansi kuseri kwa mtengo." Manyazi amene anandigwira sindidzawaiwala. Ndinazungulira mtengo uja n'kukhala pansi, miyendo tambalale, msana ku thunthu. Iwo mbali iyo, ine mbali ino.

"Uwafunse amai ako, ku Kabweko uzikagona kuti?"

Mwana anabwera nalo funso. Ndinapukuta m'maso. "Uwauze agogo ako kuti kwa amai ako aakulu. Nyumba ya zipinda ziwiri, iwe ndi ine tizigona chimodzi."

"Sukulu ili patali bwanji? Pali msewu wa magalimoto wodumpha?"

"Uwauze kuti ili pafupi, ndipo ana a amai aakulu amapita komweko, muziyendera limodzi."

"Nanga amai ako akakhala pa makina tsiku lonse, ukaweruka uzifikira kwa ndani? Kutchalitchi azikupititsa? Iwe ukadya kapenta umatuluka zidzolo, kumeneko akudziwa?"

Funso lililonse mwana ankalinyamula n'kubwera nalo, yankho n'kubwerera nalo. Posakhalitsa mantha anamuthera, anayamba kuthamanga mozungulira mtengo, n'kumawonjezamo zake. "Agogo, amai ati kuli sitima yaitali mpaka kumishoni!" Ndinamva mdala akuseka chamumtima. Ine mtima unayamba kugunda mwina, chifukwa munthu wofuna kukana safunsa za kapenta.

Kenako anati, "Pita m'nyumba, pansi pa bedi pali kachitini. Pamwamba pake pali kapulasitiki komanga ndi mphira ya tchubu. Ubwere nako."

Mwana anabwera nako, nandiika pamiyendo. Khadi la kusikelo, pepala la kubadwa, ndi la ubatizo lomwe, zonse zopindidwa bwino.

"Uwauze amai ako kuti ndinamanga Lachinayi, nditangomva kuti ntchito yapezeka. Ndimadikira kuti atume munthu."

Lachinayi! Ine ndikusowa tulo, ndikukonza mawu ankhondo, mapepala ali chimangire. Ndikanavina pomwepo, koma pakamwa pangapa sipakhala chete. Ndinati, "Uwafunse agogo ako, nanga bwanji sanandiyankhe pamene ndimalankhula? Ndimayesa akana."

Ndinamva pampu ikulira. Kenako anayankha pang'onopang'ono, kuti mwana agwire liwu lililonse.

"Uwauze amai ako kuti khoti linathetsa ukwati wawo ndi mwana wanga. Ine kukhotiko sanandiitane. Iwo akali apongozi anga, sindingawayankhe kumaso ngati munthu wa mumsewu. Ndipo iweyo sindikukupereka kwa mlendo ayi. Ukupita ndi munthu wa pakhomo pano. Mango akapsa azibwera nawe."

Mwana anayesa kubwereza, anasokoneza pakati, koma panalibe chifukwa. Ndinalira ndithu, kulira kwa manyazi ndi chimwemwe pamodzi. Miyezi itatu ndinkayesa kuti banja lonse lija linanditaya ngati chigamba. Ndinagwada kuseri kwa mtengo komweko n'kuomba m'manja, iwo anayankha ndi m'manja mbali inayo.

Pobwerera tinkathamanga, ine ndi mwana, kapulasitiki kali m'mwamba. Amai atamva zimene ndinachita anakhala pansi n'kufunda chitenge kumutu. "Unaima? Pamaso pawo? Ndi pepala?" Anandikalipira mpaka madzulo, koma nkhuku ya kamba anapha ndi iwo omwe.

Lolemba m'mamawa tikutulutsa katundu, tinaona njinga itaima kumpanda. Mdala anatuma mwana kudzanena kuti makina ndi olemera, awanyamula iwo. Anawamanga pakaliyala ndi mphira, natsogola akukankha, ife pambuyo. Minibasi itafika, anathandizana ndi kondakitala kuwakweza, nauza mdzukulu wawo kuti aziwerenga ndi kumvera. Potembenuka kuti azipita, njira yawo inali yodzera pamene ndinaima ine. Ndinapatukira m'udzu wa mame, ndi chitenge changa chatsopano, n'kugwada. Kondakitala anakuwa, "Amai, tiyeni, nthawi!" Ndinamusiya akuwe mpaka nsapato za tayala zija zitadutsa.

M'minibasi tinaimba, tinadya nkhuku tisanafike n'komwe ku Rufunsa, mwana akuwerenga mapiri ndi malole. Ku Kabwe ntchito ndinaipeza, ndipo ndikali pomwepo. Mango akapsa timakwera basi.

Chaka chathachi mdala anagula foni. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amaimba pa nambala yanga, poti mwana alibe yake. Ndikayankha kumakhala zii, ndimangomva kupuma kwawo ndi tambala akulira chapatali. Inenso sindinena kanthu. Ndimaigwira ndi manja awiri, n'kuitana mwana kuti agogo ake akumufuna.