Sukulu M'chigafa cha Fodya

Bolodi la kalasi yathu linali chitseko. Chinali chitseko chenicheni chimene wina anachizula pa nyumba yakugwa ya ku munda wakale wa tiyi, ndipo chinali chidakali ndi bowo la loko. Aphunzitsi akamalemba chiganizo chachitali ankalidumpha bowolo n'kupitiriza mbali inayo, moti enafe tinkasiyanso mpata m'makope mwathu pamalo omwewo, poganiza kuti Chipwitikizi chimalembedwa choncho. Tinali m'kalasi yachinayi pa sukulu ina ya kumudzi, kuseri kwa phiri la Tumbine kuno ku Milange. Zipinda za njerwa zinali za makalasi akuluakulu. Ife tinkaphunzirira m'chisakasa cha udzu, chitsekocho atachitsamiritsa pa mzati.

Chaka chimenecho ndinangophunzira masabata oyambirira okha n'kusiya. Bambo anamwalira m'chilimwe, mayi ali ndi pakati. Mwana anabadwa mvula ili pachimake, koma mayi sanadzuke bwino. Magazi anawachepera, miyendo inatupa, ndipo akati aime pang'ono chizungulire chinkawagwetsa. Panafunika munthu wobereka khanda, wotunga madzi, wophika phala ndi wochapa matewera. Malume, amene ankakonza njinga pakhonde la nyumba yawo moyandikana ndi yathu, ndiwo anagamula. "Chaka chino mtsikanayu akhale pakhomo. Sukulu sithawa."

Sindiwaimba mlandu malume, chifukwa panalibenso munthu wina. Koma ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa bwino kumene mawu akuti chaka chino amathera. Mwana wawo wamkazi womubala okha anauzidwa zomwezo ali m'kalasi yachitatu, ndipo pa nthawi ndikukambayi anali atakwatiwa kale ku Majaua. Kwathu mtsikana akasiya sukulu chaka chimodzi ndiye kuti wasiyiratu. Zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndinkakalirira kuchitsime kumene mayi sakanandimva.

Kenako kunagwa chimvula champhepo chimene chinagwetsa chisakasa cha kusukulu chija. Mawa lake masana ndinaona aphunzitsi akulowa pakhomo pathu akukankha njinga, matope mpaka m'mawondo. Anali munthu wamtali, wowonda, wochokera cha ku Guruwe, wosaseka chisawawa. Tonse tinkawaopa. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe mwana ali kumbuyo, poganiza kuti abwera kudzandikalipira chifukwa chojomba.

Za ine sanatchulepo n'komwe. Anapereka njinga kwa malume kuti aione tcheni, anazonda mayi, kenako anaima n'kumayang'ana chigafa chimene bambo ankayanikamo fodya. Chinali chachitali, chofolera bwino, chopanda zipupa, ndipo chaka chimenecho munkangogona nkhuku popeza wolima fodya anali atapita. "Bambo, denga ili ndi labwino," anatero m'Chinyanja chawo chopendekera ku Chilomwe. "Ana a boma akunyowa. Simungatibwereke mpaka mvula idule?" Malume anali munthu wokonda ulemu. Atamva kuti sukulu ya boma ikupempha kwa iwo, anakhosomola, anapukuta manja pa buluku, n'kuvomera pomwepo.

Lolemba m'mawa kalasi yonse inatulukira pakhomo pathu, chitseko chili pa kaliyala wa njinga, anyamata akuchigwirira uku ndi uku, aliyense atanyamula chitini kapena kachipika kokhalira. Mungaganize kuti ndinasangalala. Ayi, ndinapsa mtima. Sindinkafuna kuti anzanga aone nyumba yathu yodontha, nsanza za matewera zili mbee pa chingwe, ndi mayi atagona pamphasa dzuwa lili pamutu. Ndinakakhala patali, pa mtondo, nditawafulatira. Aphunzitsi anangoloza ndi choko malo ena chakumapeto, pamene mwana akalira ndikanatha kutuluka osaponda munthu, n'kundiitana ndi liwu la Chipwitikizi lotanthauza mtsikana kuti, "Menina, khala apo." Ndinakhala, milomo nditaitalikitsa.

Mlungu wathu unali ndi kayendedwe kake, ndipo kusamuka sikunasinthe kanthu. Lolemba tinkayamba ndi nyimbo ya fuko, titaima m'mizere pabwalo loyanikapo ufa, anapiye akudutsa m'miyendo mwathu. Tikatero tinkadetsa bolodi. Anyamata ankaphwanya mabatire akutha a wailesi, kusinja makala ake pamodzi ndi masamba a mbatata, n'kupaka pachitseko mpaka chide bii. Kafungo kake kowawasa kankakhala m'manja tsiku lonse. Tsiku lomwelo tinkasankha mashefi a mlungu: shefi wa kalasi wogwira olongolola, ndi shefi wa ukhondo woyang'ana zikhadabo ndi kusesetsa zitosi.

Lolemba loyamba lomwelo aphunzitsi anawonjezera udindo umene sindinaumveponso pa sukulu ina iliyonse. Anati pakhala shefi wa khanda. Ntchito yake inali kubereka mlongo wanga wakhandayo pa nthawi yolemba, kuti manja anga apeze mpata wogwira pensulo. Anayamba ndi mnyamata wamakani kuposa onse, amene ankatchola anzake miyendo pa mpira. Tinaseka mpaka ena kugwa pa zitini, ndipo mwana anamukodzera kumsana dzuwa lisanakwere. Koma sipanapite nthawi, anthu anayamba kulimbirana udindowo. Anali atazindikira kuti shefi wa khanda sakwapulidwa, chifukwa aphunzitsi sakanakweza ndodo pa msana pali mwana. Amene sanalembe ntchito ya kunyumba ndiye ankafika m'mamawa, n'kumanyengerera mwanayo ngati wake.

Lachiwiri ndi Lachitatu kunali masamu. Tinkawerengera ndi njere za nandolo, ndipo nkhuku zinkatibera mayankho tikangoyang'ana kumbali. Chigafa sanachimangire anthu aatali. Aphunzitsi akatenthedwa ndi phunziro ankaiwala mitengo yopingasa ija yopachikapo fodya, n'kudzigunda mutu gu! Palibe amene ankayerekeza kuseka, koma mapewa onse ankagwedezeka. Malume ankakhala pakhonde pawo akumata machubu, fungo la guluu likulowa m'kalasi, akunamizira kuti sakumva. Tsiku lina mtsikana wina atasowa yankho la kuchulukitsa, malume analephera kupirira, anafuula yankho ali pakhonde pomwepo. Linali lolakwa. Aphunzitsi anangoti, "Mwayandikira, bambo," n'kulemba lolondola mwakachetechete. Ndikamakumbukira lero ndimaona kuti munthu uja ankadziwa kusunga ulemu wa mwini denga.

Lachinayi linali tsiku la mantha, tsiku la ditado. Aphunzitsi ankawerenga ndime ya Chipwitikizi pang'onopang'ono, ife n'kumalemba zimene tamva, ndipo cholakwa chilichonse chinali ndi mphotho yake m'manja. Mayi analiphunzira tsikuli osauzidwa ndi munthu. Likafika ankamuyamwitsa mwana mpaka akhute ndi kugona, ndipo ankathamangitsa tambala ndi chitsononkho ali chigonere. Iwo sanapiteko kusukulu. Ankangodziwa kuti Lachinayi mwana wawo amafuna bata.

Lachisanu ndiye tinkapuma. Tinkaumba ng'ombe ndi magalimoto a dongo la kudambo, kujambula, kuimba, ndipo kumapeto aliyense ankakwera pa mtondo wovundikira n'kuwerenga mokweza kuchokera m'buku limodzi lomwe tinali nalo. Loweruka linali la ntchito zamanja. Kusukulu tikanakalima m'munda wa sukulu, koma aphunzitsi anati kumeneko n'kutali, ndipo chigafa cha eni tiyenera kuchithokoza ndi makasu. Choncho kalasi yonse inalowa m'munda wa mayi, umene unali utasanduka tchire. Anabandira chimanga, anaunda mizere ya mbatata, anazula chisoso. Anadyanso magwafa athu onse ali aawisi, osasiyako ngakhale limodzi. Zimenezi sindinawakhululukire, ndipo ndikakumana ndi ena a iwo pamsika wa ku Milange, ali ndi imvi zoyamba, ndimawakumbutsabe.

Panali chinthu china chimene chinkachitika ine osachiona. Mayi anali munthu wobisa mavuto. Wina akawazonda ankati ali bwino, n'kubisa miyendo m'chitenje. Koma ana alibe chinsinsi. Chimene aona m'mawa, madzulo chafika m'khitchini iliyonse ya m'mudzi. Amayi a anzanga anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi mazira, wina ndi bonongwe, wina kudzangotunga madzi. Mmodzi wa iwo, wapakamwa pakuthwa, anawazazira malume pamaso pa makasitomala awo, kuti munthu wokhala pakati pa njinga zonsezi akulephera bwanji kukweza mlongo wake kupita naye kuchipatala. Mawa lake malume anawakweza mayi pa kaliyala mpaka m'tauni. Anabwerako ndi mapiritsi ofiira owonjezera magazi.

Si onse amene anakondwa ndi sukulu yathu. Tsiku lina mkulu wa sukulu anabwera pa njinga yamoto n'kuwaitanira aphunzitsi kuseri kwa nkhokwe. Ankayankhula Chipwitikizi chothamanga, koma mawu okwera safuna womasulira. Chimene tinatolapo n'chakuti kalasi si katundu wa munthu woti aziyenda nayo m'midzi, ndipo mvula ikangodula tibwerere. Aphunzitsi anabwerera m'chigafa nkhope ili gwa, anatola choko, n'kupitiriza pamene anasiyira. Pamenepo ndinadziwa kuti anzanga akadzapita, ine ndidzatsala.

Lachisanu lina chakumapeto inali nthawi yanga yokwera pa mtondo. Ndinawerenga nkhani ya mtsinje umene umachokera kuphiri mpaka kukafika kunyanja yamchere. Ndinawerenga osakakamira, mawu akungotuluka okha. Ndili pakati ndinazindikira kuti pampu ya malume yasiya kulira. Sindinayang'aneko. Ndinangomva akuuza munthu amene anabwera ndi njinga yophulika tayala kuti, "Mwana wa mlongo wanga ameneyo."

Mvula inadula. Kamphepo kozizira kanayamba kutsika kuchokera kuphiri la Mulanje, chimanga chinayamba kuuma masamba, ndipo makolo anamanganso chisakasa cha kusukulu. Lolemba lotsatira anzanga anabwera kudzatenga zitini zawo. Mawu a malume aja anali asanasinthe, ndipo panalibe amene anawafunsa. Ndinaima pafupi ndi nkhokwe mwana ali kumbuyo, ndikuyang'ana anzanga akufola. Aphunzitsi anapita kukathokoza malume ndi manja awiri, anatsanzika mayi, n'kuyamba kukankha njinga. Sanandiyang'ane. Ndinawada kwambiri pa nthawi imeneyo.

Mzere utafika pa mango a kumalire a munda, ndinamva manja akumasula mfundo ya chitenje pachifuwa panga. Anali mayi. Anali atayenda okha kuchokera pakhonde, osagwira khoma. Anamutenga mwana, anamuponya kumsana kwawo, kenako anatembenuka n'kuyang'anitsitsa mlongo wawo, malume aja. Malume anali atagwira gudumu la njinga. Analizunguza, analiyang'ana likuzungulira mpaka linaima lokha.

"Nanga iwe waima ngati chitsa bwanji?" anatero. "Sukuona kuti anzako akupita?"

Ndinathamanga osasamba m'mapazi, kope lili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo sindinasiyenso sukulu mpaka ndinamaliza sekondale. Aphunzitsi aja anasamutsidwa chaka chotsatira, ena amati ku Molumbo, ndipo sindinawaonenso. Sindinawathokoze ali pafupi. Ndimawathokoza tsopano ndi mtima wanga wonse, kulikonse kumene ali.

Koma m'mawa umenewo za kuthokoza zinali kutali ndi ine. Nditawapeza anzanga tinayenda ulendo wonse umene iwo ankayenda tsiku ndi tsiku, kuwoloka dambo pamene matope anali adakali ofika m'akakolo. Titatsala pang'ono kufika tinadutsa pa tchalitchi cha malata chimene chinayang'anizana ndi bwalo la sukulu. Zitseko zinali zotsekula, mabenchi ali ndandanda, mulibe munthu. Ndinafunsa mnzanga amene ndinayenda naye chifukwa chimene akulu a mpingo anatimanira malo abwino chonchi.

"Anatimana ndani?" anatero. "Anabwera okha tsiku lomwe chisakasa chinagwa, anati tiziphunzirira momwemo. Aphunzitsi ndi amene anakana. Anati mumanunkha mileme."

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Bambo wamkulu ngati ameneuja, woopedwa ndi sukulu yonse, kuyendetsa kalasi m'matope dzinja lonse, kudzigunda mutu m'chigafa, kukalipiridwa ndi mkulu wake, chifukwa cha mileme! Nditaweruka ndinathamangira kunyumba kuti ndikawauze mayi, nawonso aseke. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde ndipo ndinafotokoza zonse, mpaka kuyerekeza mmene aphunzitsi akanatsinira mphuno. Mayi sanaseke. Anaika mpeni pansi, anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka. Ndinakhala pambali pawo kakasi, osamvetsa chimene chingalize munthu wamkulu pa nkhani ya mileme.