Mpando Wobooka Pakati

Fungo la chiguduli chowauka limandibwezera pakhonde pa agogo aamuna, kumudzi kwathu kunyanja, kupitirira Salima. Ntchito yanga m'mawa uliwonse inali kuika mwala wophwatalala pamoto, ukatentha n'kuukulunga m'chiguduli, n'kuwapititsira patsinde pa mkuyu pamene ankasokera maukonde a eni ake. Iwo ankaukhalira pang'onopang'ono, atalumitsa mano, mpaka thukuta litatsikira m'ndevu.

Kusoka ukonde ndi ntchito yokhala pansi tsiku lonse, koma agogo kukhalako ndiye kunkawapweteka. Ndinawamvapo akuuza agogo aakazi kuti m'chinena ndi m'munsi mwa msana muli ngati munthu wasiyamo khala lamoto. Kuthengo ankapita pafupipafupi, n'kukhalitsako, pobwera nkhope ili yakugwa. Kumzikiti anasiya, chifukwa akangotawaza pokonzekera mapemphero, timadontho ta mkodzo tinkawadetsanso asanafike n'komwe pamkeka. Pomaliza anasema mpando wa mlombwa n'kuuboola pakati, kuti popwetekapo pasamagunde thabwa.

Mpandowo ndi umene unawaulula. Anthu atauona anayamba kunong'onezana kuti amenewa ndi matenda otengera kwa akazi. Koma poti agogo aamuna sankayenda, chala chinaloza agogo aakazi, a Biti Saidi, amene ankapita ndi usipa wouma kukagulitsa kusiteshoni. Alongo awo a agogo aamuna anafalitsa kuti mlamu wawo watenga nthenda kwa anyamata a sitima. Agogo aakazi ndi amene ankaphika mpunga pa sadaka iliyonse m'mudzimo, koma chaka chimenecho sanawaitane. Kuchitsime amayi anzawo ankatsuka chikho iwo akatungira.

Ululu utakula, awiriwo anayenda wapansi mpaka kuchipatala cha paboma. Kumeneko anawauza kuti si chinzonono ayi, ndi kachiwalo kena kamene amuna ali nako kunsi kwa chikhodzodzo katupa, ndipo amuna ambiri amabwera ndi dandaulo lomwelo. Atabwerako, agogo aakazi anawapempha kuti akanene mawu amenewa kwa anzawo pabwalo la bawo. Ine ndinali pomwepo, mwala uli m'manja.

"Mwamuna sanena za m'kabudula pagulu, Biti Saidi. Zidzatha zokha."

"Zanuzo zidzatha," anatero agogo aakazi, "nanga dzina langa?"

Agogo aamuna anangoweramira ukonde wawo. Sanali munthu wankhanza, nsomba yabwino ankaisiyira ife, koma manyazi awo anawasenzetsa mkazi wawo. Anamwalira ndi chibayo patapita zaka zitatu, pakamwa ali chitsekere.

Sadaka ya arobaini, ya masiku makumi anayi chimwalirire, itatha, amuna anayamba kubwera mmodzimmodzi, kudzera kuseri, m'munda wa chinangwa. Woyamba anali mwamuna wa alongo aja a agogo aamuna. Kenako mwini bwato wina amene ankakhala kutsogolo kumzikiti, kenako ena, mpaka ndinawerenga asanu. Aliyense ankayamba ndi kupepesa maliro, maso ali pampando, kenako n'kuupempha, ati kuli m'bale wawo wina amene akuvutika. Agogo aakazi ankawayankha chimodzimodzi, osakweza mawu.

"Mpando mutenga. Koma mubwere ndi akunyumba kwanu dzuwa lili pamutu, mudzanene pamaso pawo chimene chikukuwawani."

Palibe amene anabweranso. Agogo aakazi anamwalira asanaitanidwenso kukaphika mpunga.

Mpando uja uli kwanga tsopano, ndipo mwana wanga Asiyatu amagwira pomwepo pophunzira kuima. Ndikakhala pamsika kapena podikira sitima ndimayang'ana mmene amuna amakhalira. Okhalira tako limodzi, osinthasintha ngati pabenchi pali minga, ndimawazindikira, ndipo si ochepa, ena ndi anyamata ndithu.

Bambo a Asiyatu anandifunsapo chimene ndimasungira mpando wobooka. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwauza kuti tsiku limene adzamve kuwawa adzanene okha, anthu asanayambe kuwanenera. Iwo anaseka. Ine sindinaseke, ndipo sindinawauze kuti mwala uja ndinausunganso.