Belu la m'bokosi la anapiye

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinawayankha atate maso ndi maso. Kwathu kufupi ndi Katete amayi ankalera anapiye m'bokosi lofunditsidwa ndi nyali ya palafini. Tsiku lina m'chilimwe kutentha kunapyola, tinawapeza anapiye ambiri ali gada, atafa.

Kusukulu, m'kalabu ya sayansi momwe mtsikana ndinalimo ndekha, anatipatsa kachipangizo kakuda kotchedwa opu-ampu. Kamayerekeza mphamvu ziwiri za magetsi. Ina umaika wekha ngati malire, ina imachokera ku kamkanda komva kutentha, ndipo ya kamkandayo ikangodutsa malire, magetsi amatseguka. Ndinalumikizako belu ndi mabatire, kamkanda n'kukaika m'bokosi, kuti kutentha kukapyola belu lizilira.

Belulo linandichititsa manyazi. Kutentha kukafika pamalire penipeni linkangonjenjemera, kulira, kuleka, kuliranso, ngati lagwidwa malungo.

"Chotsa zamisalazi," anatero atate. "Ukapitiriza ndikutumiza ku Vubwi kwa azakhali ako, ukaphunzire ntchito za akazi."

"Sindichotsa, atate. Ku Vubwiko ndipita nawo mawayawa."

Amayi anagwira pakamwa. Ine ndinakulunga zonse m'chitenje, ulendo kumsika kwa a Saidi, okonza mawailesi obadwira ku Malawi. M'kanyumba kawo munkanunkha mtovu wosungunuka. Ndinkayesa andikonzera, koma anangoyang'ana, manja ali kumbuyo.

"Mwanawe, belu lako lili ndi malire amodzi. Kutentha kukamagwedera pomwepo, litani? Poyambira kulira pakhale pena, polekera pena."

"Nanga ndipange bwanji?"

"Wasayansi si iwe?"

Ndinatuluka nditakwiya. Kunyumba ndinatenthetsa msomali pambaula n'kumalumikiza mawaya ndi mtovu, kumasula, kulumikizanso, zala zikupsa. Potsiriza ndinatenga karezisita, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, n'kubweza pang'ono mphamvu yotuluka mu opu-ampu kuti ilowenso pamwendo wake wa chizindikiro cha pulasi. Malire aja anakhala awiri. Masana ake belu linalira mosadodoma, osaleka kufikira amayi atatsitsa nyali, bokosi n'kuzizira. Anapiye otsala anakula onse.

Atate sanayamikire. Ankadandaula kuti belulo limawadula tulo ta masana, komabe likalira ndiwo ankayamba kufuula, "Nyali iyo!" Ku Vubwi sindinapite.

Lero ndimakonza makina a m'chipatala, ndipo ndimamvetsa chimene a Saidi anabisira manja awo. Akanangokhudza waya mmodzi, mudzi wonse ukanati wakonza ndi mwamuna. Choopsa n'chakuti nanenso ndikanakhulupirira.