Holide ya Agogo ku Muzvezve

Ndikukumbukira chaka chimene agogo aamuna anapuma ntchito pa fakitale ya nsalu ku Chegutu, tauni imene iwo ankaitchulabe Hatile ngati kuti azungu sanachoke. Anali atalonjeza agogo aakazi holide. Lonjezo lenileni linali la ku Dedza, kumene onse awiri anachoka wapansi ali achinyamata, kudzera ku Tete, kutsata ntchito za m'migodi. Koma penshoni yawo sikanawafikitsa ngakhale pa malire.

Ndiye anasankha Muzvezve, pa komboni ya mgodi pamene anakwatirana, pamenenso anaika mwana wawo woyamba patsinde pa mtengo wa mango. Agogo aakazi maso anali atachita ng'ala, ndipo ankangofuna kukasesa pamandapo asanamwalire. Ine, mdzukulu wa giredi folo, ananditenga kuti ndiziwagwira dzanja.

Agogo aamuna anavala jekete la kutchalitchi, agogo aakazi anakulunga katsache m'chitenje. M'kombi, minibasi yochokera ku Kadoma kumene tinkakhala, mkuluyo ankasenda lalanje n'kumawaika mkazi wake m'kamwa chidutswachidutswa. Ine manyazi anandigwira. Anthu opanda mano kumachita zachibwenzi pagulu chonchi!

Titatsika, komboni panalibe, mango panalibe. Panali maenje okhaokha ndi milu ya dothi lofiira, ndi makorokoza, anyamata okumba golide, matope mpaka m'makutu. Ndinati nditsegule pakamwa, koma agogo aamuna anandifinya phewa mpaka kuwawa.

"Anaphiri, mango wathu uja alipo," anatero. "Wakula zedi."

Anawatsogolera pa kamalo kosalala pakati pa maenje awiri. Agogo aakazi anagwada n'kuyamba kusesa pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo ya maliro, fumbi likuwamatirira pa thukuta. Anyamata aja anasiya mafosholo n'kumangotiyang'ana. Agogo aakazi atamaliza anakhala pansi, napapasa mpaka anapeza dzanja la mwamuna wawo.

"Abanda, zikomo pondibweretsa. Koma mtengo waukulu chotero, bwanji dzuwa likundiwotcha pamutu?"

 Agogo aamuna anangovula jekete lija n'kuligwira pamwamba pa mutu wa mkazi wawo, misozi ikutsikira m'ndevu. Mtima unandiwawa kuposa phewa lija. Pobwerera, katsache kanatsala komweko.

Lero onse awiri anagona ku manda a ku Kadoma, Dedza osamuonanso. Fakitale ija inakhala chete, ndipo amene ankadziwa pamene panali komboni anatha onse. Ana anga Chichewa amachimva koma amayankha m'Chishona. Akandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti, ndimaloza chakumpoto molimba mtima ngati agogo aamuna, n'kunena kuti mudzi wathu ulipo, ukutidikira. Amagwedeza mutu mwaulemu, koma ndimadziwa kuti nawonso dzuwa akulimva pamutu.